Mphandula, Duwa la M'thengo Loyenera pa Khomo

Munthu woyenda m'miseu ya Kitwe, Ndola, Luanshya kapena Lusaka pa nyengo ya kutentha, mvula isanagwe, aona maluwa ambiri ndithu. Jakaranda ayala maluwa ace pansi ngati mphasa, bougainvillea akwera pa mipanda, ndipo pambuyo pace flamboyant ayaka ngati moto. Koma mwa mitengo yonseyi palibe ndi umodzi womwe umene uli mbadwa ya dziko lino. Jakaranda ndi bougainvillea kwao ndi ku South America, flamboyant kwao ndi ku cisumbu ca Madagascar. Inadza ndi Azungu, ndipo m'masiku a Northern Rhodesia, pamene matauni a ku Migodi anali kumangidwa, mitengo imene inalipo kale inagwetsedwa kuti alendowa apeze malo. Kukongola kwa mlendo si mlandu ai. Codandaulitsa ncakuti ana ambiri obadwira m'komboni adziwa jakaranda, koma akaona duwa la m'thengo la dziko lao amafunsa kuti lagulidwa kuti.

Akulu amati mlendo ndi mame, koma alipo mlendo wina amene sanakamuke. Ameneyu ndiye lantana, citsamba ca ku America cimene anthu anacibzala ngati mpanda cifukwa ca timaluwa tace tofiira ndi tacikasu. Mbalame zinadya zipatso zace ndi kumwaza mbeu ponseponse, ndipo lero lantana wadzaza m'mphepete mwa miseu ndi njanji, walowa ngakhale m'nkhalango ya pa mathithi a Mosi-oa-Tunya, kumene anthu akhala akubvutika kumzula. Ng'ombe ikadya masamba ace ciwindi cimaonongeka, ndipo khungu limasupuka ikakhala padzuwa. Ncifukwa cace nkhani ya lero ndi ya citsamba cina cimene sicingacite zoterezi, pakuti tizirombo, moto ndi mitengo inzace ya dziko lino zinacizolowera kalekale. Ku Malawi ndi kwa anthu ena olankhula Cinyanja dzina lace ndi mphandula. Ena amati mpondo. M'zinenero zina za Zambia ndi kwa Ashona a ku Zimbabwe dzina lomveka ndilo mupondo.

Mphandula umamera m'nkhalango za miombo ndi mitondo, makamaka pamene mitengo ikuluikulu yatalikirana ndipo dzuwa lifika pansi, m'mbali mwa mapiri, pa zulu, ndi m'minda yakale yogonera. Nthawi zambiri umakhala citsamba ca nthambi zambiri zoyambira pansi, ca msinkhu wa mamita 3 kapena 4. Ukapeza malo abwino umasanduka mtengo waung'ono. Nthambi zace zimakonda kutambalala ndi kutsamira pa mitengo yoyandikana nayo, mwina mpaka kukwera ngati cilambe. Kumadzulo kwa Zambia, pa mcenga wa Kalahari, ndi ku Botswana ndi Namibia, kuli mtundu wina wa citsamba comweci umene uli waufupi, koma duwa ndi khoko nzofanana.

Cizindikiro coyamba ndi tsamba. Tsamba la mphandula ndi long'ambika pakati kuyambira kunsonga, kotero kuti lioneka ngati phazi la ng'ombe pa matope, kapena ngati gulugufe wotambasula mapiko. Ndi lopyapyala, lofewa, ndipo kawirikawiri liposa pang'ono bokosi la macesi, losafika pa cikhatho ca munthu wamkulu. Madzulo mbali ziwirizo zimapindikira pamodzi monga buku lotsekedwa, m'mawa nkutsegukanso.

Pamenepa mpamene anthu ambiri amasokera, cifukwa ulipo mtengo wina wa tsamba long'ambika umene uli wodziwika koposa. Umenewu ndi msekese, umene ena amaucha citimbe, ndi Abemba amati mufumbe. Munthu wotumidwa kukatenga mbeu za mphandula akabwera ndi za msekese, mwini nyumba adzadikira maluwa akulu zaka zambiri osawaona. Kusiyanitsa sikubvuta kwa munthu wogwira tsamba ndi dzanja. La msekese ndi lalikulu, lofika pa cikhatho kapena kuposa, lokhuthala ngati cikumba, ndipo kunsi kwace kuli mitsempha yotumphuka ndi ubweya wofiirira ngati dzimbiri. Maluwa a msekese ndi ang'onoang'ono, osaoneka patali, ndiponso mtengo wina umabala maluwa acimuna okha, wina acikazi okha. Makoko ace ndi onenepa, olemera, ndipo saphulika. Amagwa pansi amphumphu, ng'ombe nkumawatafuna m'cilimwe. Msekese ndi mtengo wa nchito zambiri, koma wofuna maluwa pa khomo sapindula nao.

Duwa la mphandula ndilo losaiwalika kwa amene analiona kamodzi. Limamasula m'nyengo ya mvula, makamaka m'December ndi January, pamene thengo lonse liri lobiriwira. Ndi loyera mbee, lalikulu, la timasamba tisanu tatitali ndi topapatiza, tina tofika masentimita 7 kapena 8. Timasamba timeneti sitigundana, ndipo m'mphepete mwace ndi mokwinyika ngati nsalu yoyera imene yacapidwa koma siinasitidwe. Pakati pa duwa pamaturuka timitsitsi tatitali tofiirira, topindikira m'mwamba, tonyamula ufa wa duwa kunsonga. Duwa limodzi silikhalitsa. Koma pa nsonga ya nthambi pamakhala ena ambiri oyembekeza, ndipo lina likafota lina limamasula, kotero citsamba cikhala cobvala zoyera masabata angapo. Madzulo, dzuwa litalowa, pamene maluwa ofiira azimirira mumdima, oyerawa amaonekabe, ndipo imeneyi ndiyo nthawi imene munthu woweruka ku nchito amakhala pa khonde.

Palinso mlendo mmodzi wofanana nao amene ayenera kuchulidwa. M'miseu ya m'matauni muli mtengo wa tsamba long'ambika wocokera ku India ndi maiko oyandikana nalo, umene ophunzira za mitengo amaucha Bauhinia variegata. Maluwa ace ambiri ndi ofiirira, koma ulipo mtundu wina woyera. Wosiyanitsa ayang'ane zinthu ziwiri. Mlendoyu amacita maluwa m'nyengo youma, masamba ambiri atathothoka, pamene mphandula umacita maluwa mvula iri mkati. Ndiponso timasamba ta duwa la mlendo ndi totambalala, tosanjikizana, tosakwinyika. Ku South Africa mtengo umenewu unathawa m'minda ya maluwa nulowa m'thengo, ndipo boma la kumeneko linauika m'gulu la zomera zolowerera zofunika kuzichinga.

Maluwa akatha pamabwera makoko aphanthiphanthi, olimba ngati thabwa, akuda mofiirira, otalika ngati dzanja la munthu kucokera pa mfundo kufika kunsonga ya cala, ena kuposa. Mkati muli mbeu zaphanthiphanthi, zosalala, zonyezimira. Khoko limeneli liri ndi macitidwe odabwitsa. Mbali zace ziwiri ziri ndi ulusi wa mtengo wogona mopingasa, ndipo ulusi wa mbali imodzi upingasa mosiyana ndi wa inzace. Dzuwa likamaumitsa khoko, mbali iri yonse imafuna kupotokera kwace, koma msoko uzigwira pamodzi. Tsiku lina masana, kutatentha, msoko umalephera: limveka phokoso ngati la mfuti yaing'ono, mbali ziwirizo zipotana ngati nyanga za ngoma, ndipo mbeu ziuluka mamita angapo. Umu ndimo citsamba cimatumizira ana ace kutali ndi mthunzi wa mai wao. Makoko opotana ogona pansi ndiwo cizindikiro cosanama m'cilimwe, pamene palibe duwa loti munthu aone.

Dzina la m'mabuku ndi Bauhinia petersiana, ndipo liri ndi mbiri yace. Kale ku Switzerland kunali abale awiri, Johann Bauhin ndi mng'ono wace Caspar, amene onse anathera moyo wao pa kuphunzira zomera. Caspar anamwalira m'caka ca 1624. Mitengo ya tsamba logawika pawiri inachedwa ndi dzina lao, mbali ziwiri za tsamba limodzi kukumbutsa abale awiri a nchito imodzi, ndipo Carl Linnaeus analikhazikitsa dzinalo m'caka ca 1753. Mbali yaciwiri ya dzina ikumbutsa Wilhelm Peters, Mjeremani amene anayenda m'Mozambique ndi m'cigwa ca Zambezi pakati pa 1843 ndi 1847 akusonkhanitsa nyama ndi zomera. Zimene anatenga anapita nazo ku Berlin, ndipo Carl Bolle analemba maonekedwe a citsambaci m'caka ca 1861. Kunena zoona, anthu a m'cigwa ca Zambezi anali atakazinga mbeu zace mibadwo yambiri Peters asanabadwe. Cimene iye anaonjeza ndi dzina limodzi limene munthu wa ku Chipata, wa ku Gaborone ndi wa ku London angagwirizane nalo.

Za kukazingazi nzoona. Mbeu zokhwima zikakazingidwa zimadyedwa ngati mtedza, ndipo zosinja anthu amaziwiritsa ndi kumwa m'malo mwa khofi, kotero kuti m'Cingerezi citsambaci cinapatsidwa dzina la khofi wa ku Zambezi. Kwa Asan a ku Kalahari mbeuzi ndi cakudya ceniceni. Zokhwima zosakazinga siziyenera kudyedwa, monganso nyemba zaziwisi sizidyedwa. Khungwa limapereka luzi, ndipo ng'ombe ndi mbuzi zimadya masamba. Koma pali cinthu cimodzi cimene munthu asayembekeze. Ngakhale mphandula uli wa banja la nyemba, mizu yace iribe timatuza tija timene timaoneka pa mizu ya nandolo ndi mtedza, timene timaonjeza cakudya m'nthaka. Wobzala mphandula m'munda wa cimanga ndi ciyembekezo cakuti asiya kugula feteleza adzakhumudwa. Malo ace ndi pa khomo ndi pa mpanda.

Kale munthu wa ku migodi anali ndi cifukwa cosabzalira mtengo: nyumba inali ya kampani, ndipo tsiku lotha nchito linali tsiku lotuluka. Ndani angathirire mtengo umene mthunzi wace udzakhala wa munthu wina? Koma kuyambira m'caka ca 1996 nyumba zambiri za makhonsolo, ndi pambuyo pace za migodi, zinagulitsidwa kwa okhalamo. Ambiri lero ndi eni ace a pakhomo pao, ndipo bwalo lopanda comera, limene mai amasesa m'mawa uli wonse kufikira dothi lapamwamba litatha, limabweza pfumbi m'nyumba m'August ndi matope m'February.

Wofuna kubzala ayambe ndi mbeu. Kukumba kamtengo m'thengo ndi kutaya mphamvu, pakuti kacitsamba kooneka kakang'ono pamwamba kawirikawiri kali ndi muzu waukulu wozama umene unapirira moto zaka zambiri. Khasu likaudula, kamtengoko kamafota pasanathe mlungu. Ndiponso nkhalango zosungidwa ndi boma ziri pansi pa lamulo la nkhalango la 2015, ndipo munthu satengamo zomera popanda cilolezo. Mbeu zitengedwe pa munda wa mbale kapena pa malo a mfumu, mwini atalola. Nthawi yace ndi pamene makoko ada ndi kuuma koma asanaphulike. Nzeru ndi kuwathyola m'mawa kukali cinyezi, kuwaika m'thumba la saka, kulimanga kukamwa ndi kuliyanika padzuwa. Adzaphulikira momwemo, mbeu osatayika. Mbeu ya kabowo yalowedwa ndi nankafumbwe, itayidwe, yofwapa nayonso.

Khungu la mbeu ndi lolimba, ndipo madzi salowa msanga. Mbeu yoponyedwa m'dothi momwe iriri ikhoza kugona nthawi yaitali osamera. Njira zofewetsera ziripo ziwiri. Yoyamba ndi kuwiritsa madzi, kuwaphula, kuwatsanulira pa mbeu m'kapu ndi kuzisiya usiku wonse. Pamoto mbeu siziikidwa konse, cifukwa zikapsa zafa. M'mawa zofufuma zifesedwe tsiku lomwelo. Njira yaciwiri ndi yokondweretsa munthu wozolowera zitsulo: kutenga tupa, kapena kukhula mbeu pa simenti, m'mphepete mwace kutali ndi kadiso, kufikira kuyera kwa mkati kutangoyamba kuoneka, kenaka kuibviika m'madzi ozizira usiku umodzi. Wokhula mopitiriza amapweteka mwana wa mkati. Mbeu zokonzedwa motere zimaturuka pakati pa mlungu umodzi ndi milungu itatu.

Pofesa, munthu angasankhe kuika mbeu pa malo pomwe afuna kuti citsamba cikhale, mvula itakhazikika m'December: mbeu zitatu pa phando limodzi, mozama ngati mfundo imodzi ya cala, ndipo zikamera asiye imodzi yamphamvu. Njira imeneyi ndiyo yabwino koposa, pakuti muzu utsika osasokonezedwa. Amene ali ndi nkhuku zambiri, kapena ana osewera mpira pabwalo, afese m'September kapena October m'matumba a pulasitiki aatali kapena m'zitini zazitali zoboola pansi, ndi kuokera mvula ikadza. Citini cacifupi ncoipa: muzu ukafika pansi umazungulira ngati nkhata, ndipo mtengo wa muzu wopota sukula bwino ngakhale utaokeredwa pa nthaka yabwino. Dothi la m'thumba likhale la pamwamba la pansi pa mitengo, losakaniza ndi mcenga wa kumtsinje ndi manyowa oolerana pang'ono.

Malo akhale a dzuwa, osaima madzi. Ku Migodi mvula ya pa caka imapitirira mamilimita 1,000, ndipo pa malo a dambo kapena pamene pathira madzi a pa denga mizu imaola. Citsambaci cimatambalala, cotero citalikirane ndi cipupa ca nyumba mamita 3, ndiponso cisayandikire mipope ya madzi ndi ya zonyansa. Wofuna mpanda abzale motalikirana mamita 2 m'mbali mwa waya, kuti nthambi zipeze potsamira. Dzenje likhale la theka la mita m'lifupi ndi m'kuya, dothi lapamwamba libwerere pansi pamodzi ndi manyowa. Feteleza wa m'sitolo safunika. Comera ca m'miombo cinazolowera nthaka yosauka.

Mau apadera ayenera kupita kwa okhala pafupi ndi ng'anjo zosungunulira mkuwa. M'makomboni ena utsi uja anthu amaucha senta unagwa pa nthaka zaka zambiri, nthaka niwawa, kotero kuti ngakhale udzu umakana. Pa malo otere dzenje likule kuposa, dothi la momwemo licotsedwe, ndipo libwere lina locokera kutali, losakaniza ndi manyowa ambiri ndi laimu wa kumunda pang'ono kapena phulusa la pa mbaula. Ndi nchito ya wilibala zingapo, koma popanda iyo mbeu yabwino imangotayika.

Caka coyamba ndico ca mayeso. Kamtengo kamaoneka ngati kaima, ndipo mwini ace amayamba kukanyoza poona bougainvillea wa mnansi atafika kale pa denga. Koma nchito iri kucitika pansi, kumene muzu utsika kufuna cinyezi ca m'cilimwe. Mitengo yambiri ya m'miombo imayamba motero. M'cilimwe coyamba kafunika ndowa imodzi ya madzi pa mlungu, ndipo madzi otsukira ndiwo kapena mpunga akwanira, malinga alibe sopo wambiri. Kuthirira pang'ono tsiku ndi tsiku kumaitanira mizu pamwamba. Kuthirira kwambiri kamodzi kumaitsitsa. Udzu wouma uyalidwe mozungulira kusunga cinyezi, koma usakhudze tsinde, cifukwa ciswe cimatsata udzu. M'June ndi July, pa malo otsika pamene cisanu cimagwa usiku, kamtengo kafunditsidwe kacisakasa ka udzu. Mdani woposa onse ndi mbuzi, ndipo mankhwala ace ndi mpanda wa minga kapena njerwa zosanja mozungulira. Cikapita cilimwe caciwiri, citsamba cimadzisamala cokha ndi mvula ya kumwamba, ndipo ici ndico cimene mai wotunga madzi pa mpope wa pamzere adzaciyamikira koposa maluwa.

Maluwa oyamba amadza patapita zaka zingapo. Kudulira kucitike makoko atatha, mvula isanayambe, ndi mpeni wakuthwa kapena sowo. Cikwanje cimang'amba khungwa. Wofuna kamtengo ka mthunzi asiye tsinde limodzi kapena awiri ndi kucotsa mphukira za pansi caka ndi caka. Wofuna citsamba cochinga maso a odutsa afupikitse nsonga zazitali zokha. Kumeta mphandula ngati mpanda wa ku ofesi, mbali zonse molingana, ndi kuulanda ulemu wace, pakuti maluwa amabwera ca kunsonga za nthambi, ndipo wometa kawirikawiri amatsala ndi masamba okha.

Zobvuta zace zisabisidwe. M'cilimwe umathothola masamba ena nuoneka wosasamalika, ndipo makoko opotana amafuna tsace. Ukakhala pafupi ndi denga la malata, mbeu youluka imagogoda masana, ndipo munthu wa shifiti ya usiku amene agona nthawi imeneyo sadzakondwa. Ici ncifukwa cina cobzalira kutali ndi zenera la kucipinda.

Otsiriza kuwakumbuka ndi awo amene apatsidwa mapuloti atsopano kunja kwa Kitwe, Chingola, Solwezi kapena Lusaka, kumene nkhalango inadulidwa ndi ootcha makala koma zitsa zikali m'nthaka. Mwambo wa masiku ano ndi kulemba anyamata aganyu kuti azule zonse, puloti iyere ngati bwalo la mpira, nyumba isanayambe. Mwini puloti acita bwino kuyendamo poyamba m'nyengo ya mvula, ndi munthu wacikulire wodziwa mitengo, kuyang'ana mphukira za tsamba lofewa long'ambika pakati. Citsa ca mphandula cimaphukanso cikadulidwa, ndipo popeza muzu wace ndi wakale, cimakula msanga kuposa mbeu iri yonse yofesedwa lero. Cotere cikapezeka pa malo pamene sipadzakhala maziko, cimangidwe kansalu kofiira, aganyu auzidwe, ndipo amisiri asaunjikepo mcenga kapena kusakanizirapo simenti.